Nsapato M'thumba la Pulasitiki

Kalipentala atagwa padenga la nyumba imene ankakhoma malata, anzake anathamangira naye kuchipatala. Mkazi wake anamva uthengawu ali kumsika komwe amagulitsa zovala, ndipo anafika kuchipatalako pamodzi ndi mlamu wake, mkulu wa mwamuna wakeyo. Anapeza wovulalayo atamulowetsa kale m'chipinda cha anthu a ngozi, chitseko chili chotseka.

Sanadziwe woti amufunse. Mlonda anawalozera pawindo, wa pawindo n'kuwabwezeranso kwa mlonda. Anamwino ankalowa ndi kutuluka mothamanga, moti mayiyo akati atsegule pakamwa, munthu amakhala atadutsa kale. Mayi wina pabenchi anawauza kuti ovulala kwambiri amawatumiza kuchipatala china. Bambo wina anatsutsa, akuti amawatulutsira khomo lakuseri. Mlamu anazungulira makonde onse mpaka anakangopezeka ali kochapira nsalu.

Kenako panatuluka bambo wina wokankha machira, n'kufunsa ngati panali abale a kalipentala. Anapatsa mkazi wa kalipentalayo thumba la pulasitiki, n'kubwerera m'kati osanena kanthu. M'thumbamo munali nsapato, lamba, foni ndi malaya odulidwa pakati, ali magazi okhaokha.

Mayiyo anakhala pansi pasimenti.

"Alamu, kodi zimenezi zikutanthauza chiyani?"

Mlamu anasunthira pambali n'kuimbira foni mlongo wake, kumuuza kuti zikuoneka ngati zinthu zavuta. Mlongoyo anamva zoti munthu wamwalira. Posakhalitsa foni ya mlamuyo inayamba kulira mosalekeza. Apongozi a mayiyo ankabuma, ena ankafunsa za galimoto yodzatengera thupi. Mayiyo sanadziwe ngati alire kapena adikire, chifukwa panalibe wachipatala amene anamuuza chilichonse.

Namwino wamkulu wa chipindacho, potuluka, anamuona ali pansi atafungatira thumba lija. Anawatengera onse awiri m'kachipinda kena, anawapatsa mipando, nayenso n'kukhala.

"Amuna anu ali moyo, mayi. Athyoka mwendo ndipo ali ndi bala m'mutu. Panopa akuwajambula kuti aone m'kati mwa thupi."

Mayiyo anapempha kuti abwerezenso, ndipo namwino anabwereza pang'onopang'ono. Anafotokoza kuti malaya anachita kudula poopa kumugwedeza wovulalayo, ndipo katundu wa wodwala amaperekedwa kwa abale kuti asasowe. Anapepesa kuti thumbalo linaperekedwa popanda mawu. Kenako anafunsa ngati bamboyo amamwa mankhwala ena alionse. Mayiyo anatchula a kuthamanga kwa magazi, n'kukumbukiranso kuti jakisoni wina anamutupitsapo nkhope. Namwino anati zimenezo n'zimene adokotala ankafunitsitsa kudziwa.

Asanatuluke anawalangiza kuti asankhe munthu mmodzi wolankhula ndi achipatala, ndiponso kuti asatumize uthenga kwa abale asanamve kuchokera kwa namwino kapena dokotala. Anawauzanso kuti akamuona wodwalayo asamupatse chakudya kapena madzi, chifukwa mwina apita ku opaleshoni.

"Mukapanda kumvetsa, funsaninso. Si kutivutitsa ayi. Ine ndibwera akamaliza kujambula, ngakhale patakhala kuti palibe chatsopano."

Anabweradi, n'kuwauza kuti m'mutu munalibe vuto lalikulu. Mlamu ndiye anali ndi ntchito yoimbiranso aliyense, akuchita chibwibwi ndi manyazi. Apongozi anakana kukhulupirira, akuti akungowanamiza kuti mtima ukhale m'malo. Anadzakhulupirira mkazi wa kalipentalayo ataloledwa kulowa kwa kanthawi, n'kuika foni pakhutu la mwamuna wake. Kalipentala anapereka moni kwa mayi ake ndi mawu ofooka, kenako n'kufunsa ngati wina wakumbuka kutsitsa zipangizo zake padenga paja.

Mwendo anaukonza tsiku lomwelo. Kuchokera pamenepo, namwino wamkulu uja anakonza zoti nthawi zonse pazikhala namwino mmodzi wotuluka kukalankhula ndi abale odikirira panja.

Munthu akavulala kapena kudwala mwadzidzidzi, abale ake nawonso amafunika chisamaliro. Amafuna kuuzidwa zoona m'mawu osavuta, malo okhala, ndi munthu wodziwika woti amufunse. Achipatala, musawasiye akungoganizira okha. Abale, funsani mpaka mumvetse, nenani zonse zimene mukudziwa za wodwalayo, ndipo musafalitse uthenga umene achipatala sanakuuzeni.