Amene Adadula Milombwa

Mwana wamkazi wa kalipentala adafika pa shedi ya bambo ake m'mawa, atapinda pepala m'manja. Adali mphunzitsi, koma ankalembanso ndakatulo, ndipo iyi inali yoti akaiwerenge pa wailesi Loweruka. Bambo akewo sankazimitsa wailesi akamagwira ntchito, choncho iye adafuna kuti aimve kaye kuchokera pakamwa pake.

"Aphunzitsi, lero mwatikumbuka," adatero mkuluyo akupala thabwa. "Khalani pa mpando uwo, koma musatsamire, guluu sanaume."

Adakhala, nayamba kuwerenga. Ndakatuloyo inkanena za mtsinje wa kwawo umene ankasambamo ali mwana, ndi milombwa imene inkapereka mthunzi m'mphepete mwake. Kenako inkati: "Kudabwera anthu opanda chisoni ndi macheka awo, mtsinje udatsala wamaliseche."

Pofika pa mzere umenewo adathamangitsa mawu. Ankadziwa kuti bambo ake, asanayambe ukalipentala, adacheka matabwa zaka khumi ndi ziwiri kudera lomwelo.

Mkuluyo adaika chopalira pansi, nasansa utuchi m'mikono.

"Ikumveka bwino. Koma mtengo mwalakwitsa."

"Mtengo uti, bambo?"

"Milombwa sinali m'mphepete mwa madzi. Inali kumtunda, kuseri kwa mwala uja amayi anu ankayanikapo zovala. Kumtsinje kunali mikuyu. Mkuyu ndani angaucheke? Thabwa lake msomali umangolowa ngati mu sopo."

"Nanga mikuyuyo idapita kuti?"

"Idagwa yokha. Titatha milombwa, madzi a mvula adayamba kutsetsereka ndi ukali, kumagumula gombe. Chaka chachitatu mizu yonse inali poyera. Wotsiriza udagwa inu mano anu awiri a kutsogolo atangoguluka kumene."

Mphunzitsiyo adaseka pang'ono, koma maso ake adali pa pepala.

"Ndiye anthu opanda chisoniwa ndi ndani?" adafunsa mkuluyo.

"Ndi mmene timalembera, bambo. Sindinatchule munthu."

"Tinalipo atatu. Awiri adatisiya. Wotsala ndi ameneyu mukumuonayu, wa utuchi m'ndevu."

"Ndiye n'chifukwa chake. Ndikanena pa wailesi kuti ndi bambo anga, mawa lake mukayenda bwanji pamsika?"

"Pamsika akudziwa kale. Zitseko zawo zambiri ndi milombwa yomweyo." Adakhala pa benchi, napukuta manja pa buluku. "Koma mukati kudabwera anthu, womvera aziganiza kuti mtsinje umaphedwa ndi alendo. Aziyang'ana kumsewu, nkhwangwa ili kuseri kwa chitseko cha kwawo. Ndipo chisoni tinali nacho, mayi. Mtengo waukulu ukagwa tinkakhala chete kanthawi. Kungoti sitinkaganiza za chaka chachitatu."

Pa wailesi ankanena za nyengo. Mphunzitsiyo adapinda pepala lija, nalitambasulanso.

"Tebulo lija mudandipangira ndikuyamba sukulu, limene ndimalemberapo mpaka lero..."

"Mlombwa. Wa pafupi ndi mwala. Unali wowongoka kuposa yonse."

Kenako mkuluyo adachotsa pensulo yake yaikulu kukhutu, naipereka. Mwana wake adatsamiza pepala pa thabwa lopalidwa kumene, nafufuta mizere itatu. Adalemba pang'onopang'ono, chifukwa pensuloyo inali yolembera matabwa, yosasongoka.

Atamaliza adawerenga motsitsa mawu: "Bambo anga adadula milombwa kumtunda, mikuyu idagwa yokha kumtsinje, ndipo ine ndidaphunzira kulemba dzina langa pa thabwa la mtengo wowongoka."

Adadzutsa mutu kuti aone nkhope ya bambo ake. Mkuluyo ankayang'ana utuchi wofiira umene unali pansi, akuukankha ndi chala cha kuphazi.

"Ndiisiye choncho?"

"Isiyeni choncho." Adatambasula mkono, nazimitsa wailesi. "Yambireninso kuchokera pamwamba. Koma pofika pa ine musathamange."