Tertulo wa a Inayat

"Zimitsa machesiwo!" Nasreen anagwira dzanja la mwana wake Shamaun. "Wapenga? Nyumba ya maliro sifuka utsi masiku atatu. Mudzi wonse ubwera kudzafunsa chimene tikuwotcha."

Pansi panali mulu wa mapepala a malemu mwamuna wake, a Inayat, mlaliki wa katchalitchi ka kumapeto kwa mudzi, amene anaikidwa dzulo lake. Zaka zisanu ndi ziwiri ankalemba ndemanga pa mlandu wa Paulo pamaso pa Felike, m'zilembo za Chiurdu, zomwe woonera patali sangazisiyanitse ndi za buku loyera la anansi awo opemphera ku mzikiti. Kuno pepala limodzi lopserera limakwana kuphetsa banja lonse.

"Nanga tiwasunge, Amayi? Mnansi wathu Riaz akungodikira. Paja anawanamizira bambo kuti anyoza chipembedzo, nkhani ili ya munda wathu. Akatola limodzi n'kulipsereza yekha?"

"Ndiye iwe ukufuna kumugwirira ntchito yake?"

Kunamveka kugogoda. Nasreen anaponya mpango wake pamapepalapo, koma mpango unachepa.

Anali Riaz yemweyo, atanyamula mphika wa mphodza ndi chapati zokulunga m'nsalu, monga achitira anansi pamaliro. Maso ake anagwera pamachesi, kenako pamuluwo. Anawerama n'kutola pepala la pamwamba. Nasreen ankalidziwa pepalalo. Riaz anawerenga mokweza: "Tertulo anati Paulo ndi mliri. Ine Tertulo wanga ndi Riaz."

Shamaun anasuzumira mpanda wa kuseri, kuyeza ngati amayi ake angaudumphe.

"Tertulo ndiye ndani?" anafunsa Riaz.

"Wonamizira mnzake," anayankha Nasreen. Mantha anali atamulanda ndi bodza lomwe.

Riaz anapitiriza kuwerenga, mawu akunka nachepa: "Koma Luka sanatiuze ngati Tertulo anali ndi mkazi wodwala chifuwa. Wangayu ali naye. Lachisanu lililonse, iye ali ku mzikiti, ndizisiya uchi pampanda pake."

Riaz anatsitsa pepala lija. "Ine kumathokoza mlamu wanga chaka chonse," anatero.

Anasonkhanitsa mapepala aja ndi manja awiri. Nasreen anatsinzina, poganiza kuti atuluka nawo.

"Zolemba zotere sizikhala pansi, mlongo."

Anawaika pashelefu ya pamwamba. Pomwepo panali botolo la uchi lotsala theka, ndipo tsikulo linali Lachisanu. Nasreen analitsitsa, analipukuta fumbi ndi mpango uja, n'kumupatsa Riaz.