Womaliza Kumuona Nkhope Killian

Baibulo la amayi Winifred linali ndi lamulo lake, loikidwa ndi atate awo ku Katete kalekale. Masamba akutsogolo anali a mayina a obadwa ndi omwalira m'banjamo. Koma imfa sankailemba munthu wamba ayi. Ankailemba yekhayo amene anamuona nkhope malemuyo komaliza, n'kusaina pambali.

Mzere wa Killian, mwana wawo yekhayo, unatha chaka uli mbee. Mnyamatayo, amene anali msilikali, anafa mu Novembala 1979 akulondera mlatho, adani a kutsidya kwa Zambezi ataponya mabomba. Anabwera naye kunyumba kwa amayi ake ku Kabwata m'bokosi lokhomera misomali, msilikali uku msilikali uku, kuti wina asayerekeze kutsegula. Mayi wobereka kumukaniza kuona mwana wake!

Tsiku la mapemphero okumbukira litakwana, galimoto yakuda inaima pakhomo. Anatsikamo a Amock Njobvu, bambo a mwanayo, amene anasiya banja Killian ali ndi zaka zisanu n'kukakwatira ku Kabulonga, dera la anthu olemera. Tsopano anali bwana m'chipani, mimba patsogolo, suti ili psii. Anthu a mpingo atadzaza nyumba, mkuluyo anasolola cholembera chagolide.

"Amake Killian, bweletsani buku ija. Nifuna nilembe kuti mwana wanga anafela dziko. Ni ngwazi ya banja ya Njobvu."

Ati mwana wanga! Koma anthu ena manyazi anawasiya m'mimba mwa amayi awo. Amayi Winifred anakatenga Baibulo lija n'kulitsegula patebulo.

"Ba Njobvu, munamuona nkhope imwe?"

"Palibe anamuona, bokosi inali yokhoma. Ndiye atate ake ndiwo asaine."

"Alipo anamuona. Ba Oswell, bwelani kuno."

Pakona panadzuka mdala wa imvi, mnzawo wa mumpingo, amene kale ankalondera geti la a Njobvu. Analeka ntchitoyo sabata ya maliro, ndipo chifukwa chake anangouza amayi Winifred okha.

"Uzani anthu," anatero mayiyo.

Mdalayo anayang'ana pansi, akupotokola chipewa. "Tsiku yopita ku usilikali, mwana anabwela pageti na chola. Anati afuna chabe kulaila, kutsazika atate ake. Nakauza bwana. Bwana anati kuli alendo aulemu, nimuuze kuti kulibe. Mwana anaima mpaka dzuwa kupendeka, galimoto ya atate ake akuiona apo. Ndiye anati, 'Ba Oswell, muwauze napita.'"

A Njobvu anakhosomola. "Zimenezo si zokamba pagulu. Sin'nadziwe kuti..."

"Simunadziwe kuti azafa?" Amayi Winifred anakuwa mpaka ana a panja anasuzumira pawindo. "Ndiye ali moyo anali wochititsa manyazi, lelo wafa wasanduka ngwazi? Ine nam'pelekeza m'mawa mpaka pa basi, ati, 'Amayi, nipitile kwa atate.' Nsapato anapolisha kawili kuti muzimuona bwino. Imwe ngakhale katani simunakankhe!"

Anatsomphola cholembera chija m'manja mwa bwanayo, n'kuchiika m'manja mwa mdala. A Oswell sukulu analekera patali, choncho ankalemba chilembo chimodzichimodzi, lilime lili panja, mayiyo akuwauza mawu mokweza kuti aliyense amve.

A Njobvu anaima pomwepo, thukuta kamukamu, kudikira cholembera chawo. Mdala atamaliza, amayi Winifred anatembenuza buku n'kulikankhira kwa iwo.

"Welengani. Mokweza."

Sanathe. Ndiye mayiyo anawerenga yekha, mawu osagwedera:

"Killian Njobvu, msilikali, zaka 19. Anamwalira Novembala 1979. Anaima pageti la atate ake, sanam'tsegulire. Ndinamuona nkhope ndine Oswell, mlonda."