Phulusa la a Clifford

A Clifford anakhala m'kabati ya pansi pa masitepe nyengo yonse yozizira, pakati pa tsache ndi nsapato zawo za mphira. Anali m'kamtsuko ka pulasitiki kamene anthu a kowotchera mitembo anapereka, ndipo mkazi wawo, Mayi Glenys, ankawapatsa moni m'mawa uliwonse akamatenga tsachelo.

Asanamwalire anapempha chinthu chimodzi chokha: phulusa lawo likathiridwe mumtsinje, pamunsi pa mlatho wa njanji, pamene ankakhala ndi mbedza Loweruka lililonse. Mayi Glenys anavomera msanga, poyesa kuti ndi ntchito ya tsiku limodzi. Malowo anali asanapondeko, chifukwa matope ndi mphutsi za nyambo sankagwirizana nazo. Chimene ankadziwa n'chakuti bamboyo, pa zaka zonse za banja lawo, sanabweretsepo nsomba ngakhale imodzi panyumba. Ankati gulu lawo la owedza limabweza nsomba m'madzi, ndipo mayiwo ankawaseka kuti ndi msodzi wa nkhani.

Maliro atangotha, mnansi wina anawaikira mapu a kampani ya madzi m'foni. Pamapupo, pafupi ndi mlatho womwe uja, panali kadontho. Kakafiira, ndiye kuti paipi ya kampani ikulavulira mumtsinje zochokera m'zimbudzi za tauni yonse, poti mvula ikachuluka ngalande zimadzaza ndipo kampani imaloledwa kutero. Kakabiriwira, paipi yatseka pakamwa, koma pamafunikabe masiku angapo kuti madzi ayere. Nanga mvula ya kuno ku Yorkshire, kwa azungu kuno, ndani saidziwa? Kadonthoko kanali kofiira ngati diso la chidakwa. Kakati kabiriwire masana, pofika mawa lake kafiiranso.

Mayi Glenys anatemetsa nkhwangwa pamwala. Mwamuna amene anamuchapira, kumusitira ndi kumudwazika mpaka tsiku lomaliza, sakanamuthira m'chimbudzi. Anati adikira.

Kudikira kumatopetsa kuposa kulima. Ankadzuka n'kuyang'ana foni asanayatse ketulo, kenako zenera, kenako foni kachiwiri. Analemba madandaulo ku kampani, a kampani n'kuwathokoza chifukwa cholemba. Analembanso ku bungwe loyang'anira makampani a madzi, nalonso linathokoza. Anthu amenewa kuthokoza amakutha kwabasi.

Tsiku lina kampani inaitanitsa msonkhano mu holo ya tchalitchi, pali tiyi ndi mabisiketi. Mtsikana wa kampani, waulemu wake ndithu, anafotokoza kuti tsopano paipi iliyonse ili ndi kachipangizo kodziwitsa anthu ikayamba kutaya, ndipo ichi n'chitukuko chachikulu. Bambo wa bungwe loyang'anira anawonjeza kuti avomereza kukweza mtengo wa madzi, kuti kampani ipeze zomangira thanki yosungira zonyansazo mvula ikamagwa. Mayi Glenys anakweza mkono n'kufunsa kuti thankiyo idzatha liti. Mtsikana anayang'ana bambo uja, bambo uja anayang'ana mapepala ake, ndipo yankho linatuluka lakuti zaka khumi zisanathe, zonse zikayenda bwino. Mayiwo anaganizira zaka zawo, natenga bisiketi yachiwiri, poona kuti ndi phindu lokhalo limene akanachoka nalo.

Vuto linali a Norman, mng'ono wa a Clifford. Fumbi la kokumba miyala linawadya mapapo, moti ankayenda akukoka botolo la mpweya pa timatayala ngati galu wa pachingwe. Lamlungu lililonse ankaimba foni kufunsa kuti achimwene awo akawaperekeza liti, ndipo Lamlungu lililonse Mayi Glenys ankati nyengo ikasintha. Namwino wa mkuluyo anali atawanong'oneza kale mayiwo kuti a Norman nyengo yotentha sadzaiona. Zimenezi zinkawasowetsa mtendere, komabe akayang'ana kadontho kofiira mtima unkakana.

Loweruka lina m'mawa, mvula ikuwaza, takisi inaima pakhomo. Munali a Norman, atavala jekete ya kumaliro ndi chipewa chowedzera.

“Alamu, katulutseni munthuyo m'kabatimo,” anatero pazenera la galimoto. “Watopa kucheza ndi tsache.”

Mayi Glenys anawaonetsa foni. A Norman sanaiyang'ane n'komwe. Anati sanabwere kudzakangana, mpweya wokanganira alibe. Angofuna kuti mayiwo akaone malowo ndi maso awo, ndipo akakana ali pomwepo, kamtsuko kabwerera kwawo. Mayiwo analibenso mphamvu zotsutsa. Anavala nsapato za mphira za amuna awo, n'kunyamula kamtsuko m'chikwama chogulira zinthu.

Kuchokera pamsewu kukafika kumtsinje si patali, koma anayenda ngati akuguba ndi maliro enieni, a Norman akupuma pamtengo uliwonse. Fungo linawalonjera asanaone madzi. Nthambi za m'mphepete zinali zitavala timapepala topukutira ndi zina zosatchulika. Paipiyo inali pansi penipeni pa mlatho, yaikulu yoti munthu n'kukwawiramo, ikutaya madzi otuwa mosachita manyazi. Mayi Glenys anadutsa mofulumira atagwira mphuno, kufuna kukafika pamalo pa amuna awo.

“Mukupita kuti, alamu? Tafika.”

Anatembenuka. A Norman anali atakhala pa mwala wafulati, pamunsi pang'ono chabe pa paipi. Pambali pa mwalawo panali kachitsulo ka mphanda kozikidwa m'dothi, kadzimbiri, koikapo ndodo ya mbedza. Mayi Glenys anakazindikira. Kanali kachidutswa ka mpanda wawo wakale.

“Pano? Pafungo pano?”

“Pomwe pano. Nsomba zonenepa zimakhala pano, zimadya bwino. Paipi iyi tinaipeza tili ana, ikutaya chonchi. Chatsopano ndi kafoni kanuko.” Anatsokomola kwa nthawi, kenako anapitiriza. “Munkaganiza kuti sankabweretsa nsomba chifukwa cha malamulo a gulu? Achimwene aja malamulo ankawasunga liti? Sankafuna kuti mudye za pano.”

Choyamba kuwabwerera Mayi Glenys chinali ukali: miyezi yonseyi akhala akulondera madzi oyera amene mwamunayo sanawaonepo chibadwire, mwini wake ali phee m'kabati, mwinanso akuseka. Anakumbukiranso mathalauza onse amene anachapa ndi manja. Kenako ukaliwo unaphwa, n'kutsala chisoni ndi kutopa. Bamboyo anaukonda mtsinjewu uli chomwechi, ndipo anasenza dzina la msodzi wa nkhani moyo wake wonse osadziteteza.

“Komabe si bwino kuti azitaya zimenezi muno,” anatero mayiwo.

“Si bwino ayi. Alembereni kalata ina Lolemba. Koma achimwene asadikire yankho, ndipo ine sindingathe.”

Chivindikiro chinavuta, manja atazizidwa. Mayi Glenys atachitsegula, anagwada pa mwalawo, a Norman atawagwira mkono wa jekete, ngakhale kuti zikanavuta, mkuluyo ndiye akanayamba kugwera m'madzi. Phulusa linatsika pang'onopang'ono, linayandama kanthawi, n'kusakanikirana ndi utuwa wa mtsinje. Panalibe pemphero. Mvula inapitiriza kuwaza.

Kenako madzi anagwedezeka pamwamba, apa ndi apo. Zinali nsomba, zikubwera kudzaona chimene chagwa.

“Anzawo aja abwera kudzawalandira,” anatero a Norman.

Mayi Glenys anaseka, koma kusekako kunathera m'misozi, ndipo analira kulira kumene sanalire pamaliro. A Norman anawasiya mpaka anamaliza. Atadzuka kuti azibwerera, mkuluyo anaima kaye kuyang'ana mwala uja, akupuma movutikira.

“Inenso mudzandithire pomwepa, alamu. Koma musadzafunse foni.”

Mayi Glenys anaika kamtsuko kopanda kanthu m'chikwama. Anatenga chogwirira cha botolo la mpweya, n'kukoleka mkono wa alamu awo m'khosi mwawo kuti akwere mtunda. Anadabwa kuona kuti munthuyo anali atapepuka kale chotere.