Kodi Mtsikana Uja Anatuluka?

Aphunzitsi anapuma pa ntchito kalekale, koma uphunzitsiwo sunawachoke m'magazi. Anthu ena ali choncho: uwafunse njira ya kuchipatala, ayamba akukonza kaye kayankhulidwe kako.

Akazi awo anali atelala mpaka pamene matenda a shuga anawatha maso. Makina osokera anaphimbidwa ndi nsalu pakona, ndipo chimene chinawatsalira mayiwo ndi makutu basi. Tsono nkhani zoopsa ankazikonda zosasimbika. Masana aliwonse akamwa mankhwala, Aphunzitsi ankakokera mpando pafupi ndi bedi, n'kutsegula buku lakale lachingerezi lothothoka chikuto, n'kumawamasulira chiganizo ndi chiganizo. Inali nkhani ya mtsikana wamasiye amene amalume ake anamutsekera m'chinyumba chamiyala, mmene munkamveka mapazi a anthu osaoneka.

Vuto linali mawu. Olemba akalewo analibe chisoni ndi munthu. Chipinda chapansi pa nthaka chosungiramo mitembo ya makolo chinali ndi dzina lakelake. Kawindo kopapatiza kam'mwamba kanalinso ndi lake, ngakhale nkhope yotuwa ndi mantha inali ndi mawu oluma lilime. Ndiye Aphunzitsi mawu otere sankawadumpha, ngakhale muwagwadire. Mtsikana ali pakati pa masitepe, kandulo ikuzima, iwo ankapana tsamba ndi chala n'kunyamula dikishonale.

"Iii, Aphunzitsi, mwamusiyanso mumdima mwana wa eni?" ankadandaula mayiwo.

"Taimani kaye, amayi. Mawu awa ndi osowa kwambiri, anachokera ku Chilatini."

"Achokere kumene achokerako! Chikumulondolacho n'chiyani?"

Ankati akamaliza kufotokoza mawuwo ndi azibale ake onse, n'kuti wodwala atagona, tsemwe lonse litathera panjira. Miyezi inapita chonchi, buku lisanafike ndi pakati pomwe.

Tsiku lina mayiwo anafufuza dzanja la amuna awo pabulangete n'kuligwira.

"Ndikupempheni kanthu kamodzi. Inu bukuli munaliwerenga kale muli mnyamata. Mwanayu anatuluka, kapena anafera momwemo?"

"Kuona maso a nkhono n'kudekha," anatero Aphunzitsi akumwetulira. "Buku sitiyambira kumapeto. Tikafika."

"Mukafika inuyo," anayankha mayiwo motsitsa mawu.

Aphunzitsi anaseka, kuyesa nthabwala. Sikuti anali munthu wouma mtima ayi. Kungoti kalasi yawo yonse inali itatsala munthu mmodzi yekhayu, ndipo ankaopa kuti akaulula mathero, masana aja sadzakomanso. Ankafuna kuwasunga akazi awo ndi nkhaniyo, osadziwa kuti akuwamana.

M'mawa wina mayiwo anagwa pochokera kubafa, pakamwa patapotoka. Mwana wawo wamkazi anabwera ndi galimoto n'kuthamangira nawo kuchipatala. Pofika madzulo anali atagona chagada m'wodi, kachubu kali m'mphuno, osayankhula, osagwedera. Dokotala anawaitanira awiriwo panja n'kuwauza mosabisa kuti asayembekezere zambiri, ndipo zoti wodwalayo akumva kapena ayi palibe angatsimikize.

Atabwerera m'wodi muja, Aphunzitsi anaima kumutu kwa bedi. Chimene chinawabaya mumtima sichinali kachubu kapena mawu a dokotala, koma funso lija. Munthu anakhala nawo moyo wonse osawapempha zazikulu, ndipo kamodzi kamene anapempha kanthu kaulere, iwo anamuyankha ndi mwambi.

Anawerama mpaka milomo kukhudza khutu la akazi awo.

"Amayi, anatuluka. Mukundimva? Anaswa windo la kukhitchini ndi mpando, anathawa, amalume akewo sanamupeze. Anakwatiwa, anabereka ana, anakalamba bwinobwino. Anatuluka, amayi."

Anadikira kuti mwina chikope chiphethira, mwina chala chigwedera. Panalibe kanthu, mpweya wokhawokha kulowa ndi kutuluka.

Mwana wawo anawagwira paphewa ali ndi mantha, poganiza kuti bambo ake mutu wasokonekera.

"Ababa, watuluka ndani?"

Aphunzitsi sanacheuke. Anayambiranso kunong'oneza khutu lomwe lija, pang'onopang'ono, mpaka nesi anabwera kudzawauza kuti nthawi yoona odwala yatha.