Manja a Laurindo

M'chaka cha 1978, nyengo yozizira, ophunzira awiri a zaudokotala anatumizidwa kuchokera ku Maputo kudzathandiza pachipatala china m'boma la Milange. Wina anali Hermínia, mtsikana wa ku Beira, wosadziwana ndi aliyense kuno. Winayo anali Laurindo, mwana wa konkuno ku Molumbo, ndipo tsoka lake linagona pomwepo.

Laurindo mtima wake wonse unali pa opaleshoni. Anzake ankaithawa, ati ndi ntchito yongoimirira ngati mlonda, koma iye akapeza papaya ankalicheka bwinobwino n'kulisokanso ndi ulusi. Anamwino anasiya kuika zipatso patebulo.

Tsono kunafika Dotolo Fernanda, mayi wina wosaseka amene ankabwera kuchokera ku Quelimane kamodzi pamwezi.

"Malo ophunzirira opaleshoni chaka chamawa ndi amodzi okha," anatero. "Amene andithandize lero ndi amene ndimulembere kalata. Ndiyamba ndi iwe, Laurindo. Kasambe m'manja."

Mpopi wa m'chipinda cha opaleshoni unali utafa kalekale. Munthu ankasambira padiramu kuseri, kenako n'kuyenda khonde lonse manja ali m'mwamba, osakhudza kanthu, ngakhale mphuno yake ikamuyabwa. Sopo naye anali kachidutswa kamodzi chipatala chonse, ndipo namwino wamkulu, a Faustino, ankakasunga m'thumba la malaya.

Laurindo anatsukuluza zala chimodzichimodzi mpaka m'zigongono, n'kukhota pakona manja ali m'mwamba. Mayo! Khonde linali litadzaza ndi Molumbo yense. Atamva kuti mwana wawo wabwera, anauyamba ulendo dzana, amayi ake wapansi, amalume ake a Pascoal panjinga, tambala wa mphatso atamumangirira kumbuyo.

Asanatsegule n'kamwa komwe, msuweni wake anali atalumpha kale n'kumugwira dzanja, gwa! Analigwedeza ngati akupopa madzi pamjigo.

Laurindo anabwerera kudiramu.

Ulendo wachiwiri anakumana ndi atate ake a ubatizo. Kodi munthu amene anakuimira pamaso pa ansembe ungamumane chanza? Mkuluyo anamugwira ndi manja onse awiri, osamusiya mpaka atafunsa za Maputo, za ndege, ndiponso ngati n'zoona kuti madzi a kumeneko ndi amchere.

"Kamarada mnzanga, sopoyu si wa banja lanu," anatero a Faustino akumuthirira madzi kachitatu.

Ulendo uwu a Faustino anamutsatira pambuyo nkhope itachita tsinya kuti anthu aope. Zinangoipiraipira. Azakhali ake ataona mwana manja m'mwamba, kumbuyo kuli munthu wokwiya, anadziponya pansi.

"Amumanga! Mwana wathu amumanga!"

Wamilisiya amene ankawodzera pageti anathamanga mfuti ili paphewa, ndipo pofuna kuonetsa kuti ali maso, anam'gwira Laurindo m'mikono yonse iwiri n'kufunsa kuti walakwira chiyani dziko.

Pobwerera kudiramu, sopo uja anali atatsala ngati chikhadabo. Hermínia anali ataima pambali, atapinda kale manja a malaya ake, akuyang'ana kumwamba ngati sizikumukhudza.

"Kotsiriza aka," anatero a Faustino. "Adotolo ati ukagwidwanso, alowa mnzakoyu, asamba ndi sopo wa m'chikwama mwa adotolowo."

Laurindo anasambanso. Atakhota pakona, anthu onse anapatuka, kupatula mmodzi. A Pascoal anali ataima pakati pa khonde, atavala jekete lawo la kutchalitchi, dzanja atalitambasula. Iwo monga mwinimbumba anali atadikira kuti ana athane nazo zibwana zawo, kuti moni weniweni uperekedwe anthu akuona. Ndi iwowa amene ankamunyamula panjinga kupita naye kusukulu ya mishoni, mvula kaya dzuwa.

"Mphwanga," anatero akumwetulira.

"Pepani, amalume. Pepani kwambiri."

Anawalambalala cham'mbali ngati nkhanu, zigongono atazifinya, n'kukankha chitseko ndi matako. Dzanja la a Pascoal linatsala lili chitambasukire.

M'katimo sanagwire ngakhale mpeni umene ankaulota uja. Anangokoka chitsulo chokanulira bala kwa maola awiri, msana ukuwawa, koma sanagwedezeke. Wodwalayo atasokedwa, Dotolo Fernanda anavula magolovesi n'kuti, "Kalata ndi yako." Sanaseke, komabe ananena.

Laurindo anatuluka chothamanga, manja onse awiri ali kutsogolo, wokonzeka kugwirana chanza ndi boma lonse la Milange. Pakhonde panali zii. A Pascoal anali atapita, njinga itapita, tambala nayenso atapita, ndipo mbumba yonse itawatsatira.

Anatsala ndi amayi ake okha, atakhala pansi pafupi ndi chitseko, manja atawabisa m'chitenje. Anadzuka pang'onopang'ono n'kumuyang'ana mwana amene anam'bereka okha. Chibadwire chake anali asanamutchulepo kuti inu.

"Adokotala," anatero motsitsa mawu, "kodi tsopano tingakugwireni?"