Maliro Kuseri kwa Phiri la Ndirande

Nyumbayo inali yabwino. Pamenepo palibe akanatsutsa. Zipinda zitatu, pansi pa simenti, mpopi pakhomo. Kuseri kunali malo odzala mpiru ndi mizere ingapo ya chimanga. Lendi yake, ku Nkolokosa sukanapeza nayo ngakhale kachipinda kakuseri kwa nyumba ya munthu. Laurenti ataiona koyamba anagwira m'chiuno n'kupumira m'mwamba.

"Mayi a Maggie," anatero kwa mkazi wake Petronela, "apa ndiye tafika."

Mawu amenewo anali atawanenapo kale. Ku Zingwangwa anawanena. Ku Chitawira anawanena. Laurenti anabadwira m'tauni momwemo, ndipo anakula akusenza matiresi ndi mbaula kuchoka pakhomo ili kupita pakhomo ilo. Lendi ikakwera, katundu pamutu. Koma Machinjiri inali ina. Mphepo yabwino. Panalibe ngalande yonunkha pafupi ndi chitseko. Ndipo amayi ake, a Sophie, amene madzi osefukira anawathamangitsa kwawo ku Nsanje, kumene anabwerera atakalamba, anapeza khonde lokhalapo. Mwendo ndi dzanja lamanja zinafa kale ndi sitiroko. Pakamwa pokha ndi pamene panali pamoyo. Ankakhala pakhondepo tsiku lonse, kolona m'dzanja lamanzere, akuimba nyimbo za kutchalitchi, zina m'Chisena.

"Ine sindifuna bokosi lonyezimira," ankatero. "Mudzangondiimbira. Munthu sapita duu ngati mbuzi yakuba."

Vuto linali phiri la Ndirande. Nyumba inali mbali ino, ntchito mbali inayo. Laurenti ankamata matayala pa shopu ina ku Ginnery Corner. Ali ku Nkolokosa ankapita wapansi. Tsopano inali maminibasi awiri, ndipo yoyamba inkayamba yadzaza kaye pa siteji ya Luwanda. Petronela ankaphika mu lesitilanti ku Chichiri, Lamulungu lomwe. Ankachoka kusanache, n'kubwera anthu atatseka kale zitseko. Mpiru unakula iwo osauona. Mayina a aneba ambiri sankawadziwa.

Chaka chatha mwamuna wa Bernadeta, wa nyumba yoyandikana nayo, anamwalira. M'mawa mwake Laurenti anadzuka mochedwa. Anakwera njinga yamoto ya kabaza kuti akapeze minibasi. Pamsewu anthu anali atayala masamba aawisi, chizindikiro cha maliro. Azibambo anakhala m'mbali mwa msewu, mitu ili pansi. Mnyamata wa kabaza anayamba kuchepetsa liwiro kuti atsike, akankhe njinga monga mwa mwambo. Laurenti anamugogoda paphewa.

"Pita, aise. Bwana andidya."

Anadutsa pamasambapo, chipewa chili kumutu. Fumbi linatsalira azibambo aja. Masana, atapeza mpata, anatumiza chipepeso pa foni, n'kumva kuti wachita zaumunthu. Maliro ena anagwa m'deramo. Anatumizanso pa foni. Iye za njinga ija anaiwala.

Lachiwiri lina masana, ali pansi pa lole, foni inalira.

"Aneba, ndine Bernadeta. Bwerani kuno. Agogo sali bwino."

Laurenti sanafunse zambiri. Munthu akati sali bwino ndi mawu otsika chotero, nkhani imakhala itatha. Anapukuta manja pa ovololo. Anaimbira Petronela. Minibasi ya masana sichedwa panjira, imachedwa pa siteji. Anakhala m'menemo akuyang'ana mipando yopanda anthu, kondakitala akukuwa panja ngati palibe chachitika.

Anapeza Bernadeta atawagoneka kale amayi ake pamkeka, atawatseka maso, atawafunditsa chitenje chake chomwe.

"Ndinaona kuti lero sakuimba," anatero Bernadeta. "Ndimati mwina agona. Ndimawapatsira madzi masana aliwonse, mwina simudziwa. Amathokoza m'Chisena, amati takhuta, mwananga."

Laurenti sankadziwa.

Zowatengera kwawo zinalibe mutu. Kwawoko kunalibenso. Madzi anatenga mudzi, anatenga ndi manda omwe. Abale anabalalika, ena ku Bangula, ena ku Mozambique. Maggie, mwana yekhayo wa Laurenti ndi Petronela, anali ku Joni wopanda mapepala obwerera. Amayi anayenera kugona konkuno, kumanda a m'deralo, kutsidya kwa kamtsinje.

Anapita kukanena zovutazo kwa mkulu wa bloko. Mkuluyo anamvetsera bwinobwino, anapepesa, n'kumufunsa kuti amakhala nyumba iti.

"Uthenga ndipereka," anatero. "Koma miyendo ya anthu si yanga."

Kwa wapampando wa limana, kagulu ka Akatolika a m'deralo, yankho linali lofanana. Dzina la banja lawo linatsala ku Nkolokosa. Kuno sanaonekepo pa mapemphero ngakhale kamodzi. Akatekisiti abwera kudzapemphera kumanda, chifukwa gogoyo anali mkhristu. Za azimayi oimba pamaliro, wapampandoyo anangoyang'ana kumbali.

Madzulo kunabwera anzake awiri a kuntchito. Anakhala pang'ono, maso ali ku msewu, n'kutsanzika kuthamangira minibasi yomaliza. A ku Nkolokosa anaimba mafoni. Pepani kwambiri. Koma Machinjiri ndi kutali, abale.

Kutacha, mikeka imene Petronela anayala pabwalo inali ndi mame okhaokha. Palibe anabweretsa nkhuni. Palibe anabweretsa ufa. M'nyumba munali Petronela, Bernadeta ndi thupi. Panja panali Laurenti ndi mlamu wake Henry, amene anafika m'mamawa kuchokera ku Bangwe. Anthu ankadutsa pamsewu ndi zidebe zawo. Ankatsitsa mawu podutsa. Sankakhota.

"Alamu," anatero Henry, "munawalakwira chiyani anthu amenewa?"

"Palibe. Sindinakanganepo ndi munthu. Sindikhala n'komwe."

"Ndiye chimenecho."

Anapita kumanda awiriwo. Adzukulu, azibambo okumba manda, analipo. Anakhala pansi pa mtengo wa mango, makasu ndi mapiki atawaimika pathunthu. Malo anali atalembedwa kale pansi ndi ndodo. Dothi linali losakhudzidwa. Mkulu wawo anali Fletcher, mmisiri wa njerwa, wamfupi, wa dzino limodzi lothyoka. Ankasenda nzimbe.

Laurenti anavula chipewa. Ananjuta.

"Ee, taonani," anatero Fletcher kwa anzake. "Chimavuka chipewa chija. Ine ndimayesa anabadwa nacho."

Wina anaseka, n'kudzigwira.

"Akuluakulu, ndagwa m'manja mwanu. Mayi anga atisiya."

"Tamva. Pepani. Koma inu ndinu ndani, bwana? Tithandizeni. Nkhope yanu timaidziwa ya kumbuyo."

"Ndine Laurenti. Ndimakhala pafupi ndi mayi Bernadeta."

"Pafupi ndi mayi Bernadeta. Ndiye munamva kuti amuna awo anamwalira?"

"Ndinamva. Ndinapepesa."

"Munapepesa. Ife tinadya fumbi lanu tsiku limenelo. Ine ndinali apo, m'mbali mwa msewu. Mpaka lero likundikereketa pakhosi."

Pamenepo Laurenti anakumbukira njinga ija. Manyazi anamugwira. Anafuna kufotokoza za maminibasi awiri, za bwana amene amadula tsiku lonse munthu akachedwa pang'ono, za anyamata amene amaima pageti m'mawa uliwonse kudikira kuti wina achotsedwe. Dzanja linapita lokha m'thumba, mmene linazolowerera. Linatuluka ndi foni.

"Ngati pali chindapusa, akuluakulu, ndiuzeni. Nditumiza pompano."

Henry anatseka maso. Fletcher analavula zotsalira za nzimbe. Anaimirira, anatenga piki, n'kuiponya pamapazi pa Laurenti.

"Ipatseni foniyo. Ikumbe."

Anakhalanso pansi.

Laurenti anayang'ana pikiyo. Mwana sakumba manda a mayi ake. Zimenezo ngakhale iye wobadwira m'tauni ankazidziwa. Koma dzuwa linali kukwera, ndipo thupi m'nyumba ya malata silidikira. Anavula malaya.

Dothi la Machinjiri ndi la miyala. Piki inkadumpha ngati yamenya chitsulo. Henry ankachotsa ndi fosholo. Manja a Laurenti ankadziwa matayala, osati izi. Matuza anatuluka, anaphulika. Thukuta linalowa m'maso. Adzukulu ankacheza za mpira, za mtengo wa simenti, za mvula imene ikuchedwa. Sanayang'ane kudzenje. Kapena ankayang'ana iye akawerama.

Dzenje litafika m'mawondo, anapeza mwala waukulu. Anaumenya. Anaumenyanso. Piki inapulumuka m'manja onyowa n'kugwera uko. Laurenti anakhala pansi m'dzenjemo. Sanalire dzulo, sanalire m'mawa. Analira pamenepo, mokweza, ngati mwana wotayika pamsika.

Fletcher anabwera, n'kuima m'mphepete.

"Tulukani."

Laurenti anakweza mutu.

"Tulukani, mwamva. Gogo uja ankatipatsa moni tikamadutsa. Ankatidziwa mayina tonse. Tikumbira iyeyo. Inu ayi."

Anamukoka ndi dzanja limodzi. Adzukulu analowa awiriawiri, mosinthana. Mwala uja anauzungulira, anautsekula ndi chitsulo, anautulutsa ndi chingwe. Ntchito inayenda ngati madzi. Laurenti anaima pambali, manja akutuluka magazi, wopanda chochita pa maliro a mayi ake.

Masana anthu anabwera. Uthenga unali utazungulira kuti manda akumbidwa. Anabwera ambiri ndithu, azimayi atamanga zitenje, azibambo atavula zipewa. Sanalowe pabwalo. Anaima kumsewu. Bokosi litatuluka, azibambo analilandira, n'kumapatsirana mapewa bwinobwino. Mtima wa Laurenti unatsika pang'ono. Anadikira nyimbo.

Panalibe nyimbo.

Ankangomva mapazi. Masilipasi, nsapato, mwana wina akutsokomola kumbuyo kwa mayi ake. Khamu lonselo linatsetsereka kupita kukamtsinje pakamwa pali potseka. Palibe anakonza zimenezi pamsonkhano. Aliyense ankadziwa yekha.

Atawoloka, Bernadeta anayamba. Inali nyimbo ya Maria, imene gogoyo ankaikonda. Mawu ake anali aang'ono, onjenjemera. Anamaliza mzere woyamba, n'kusiya mpata woti anthu alandire. Palibe analandira. Mayi wina anamukoka chitenje. Bernadeta anapitiriza. Petronela anayesa kumuthandiza. Anaimba mawu atatu anayi, n'kusokonezeka. Zaka za Malamulungu a mu lesitilanti zinali zitadya nyimboyo. Laurenti anatsekula pakamwa. Ankadziwa kayendedwe kake, mawu ake ayi. Nyimbo imene inkaimbidwa pakhonde pake tsiku ndi tsiku, iye sanakhalepo kuti aimve mpaka kumapeto.

Bernadeta anafika pakati pa ndime yachiwiri. Mpweya unamuthera. Anasiya.

Akatekisiti anapemphera mwachidule. Bokosi linatsika. Dothi linagwa pamwamba pake, ndipo phokoso lake linamveka lonse, fosholo iliyonse, chifukwa panalibe cholibisa. Palibe anaitanidwa kuti alankhule. Atamaliza kuumba mtumbira, anthu anabalalika pomwepo, aliyense njira yake. Kunyumba ya anamfedwa sikunapite munthu.

Fletcher anatsalira, akupukuta khasu ndi udzu.

"Kumtunda uko, kwa a Ramsey, kuli matenda aakulu," anatero osamuyang'ana. "Sabata ino sitha. Mukamva, mubwere. Osatuma foni. Mubwere ndi thupi lanu, mukhale nafe mpaka titakwirira. Mukatero kawiri katatu, anthu aiwala. Maliro n'kulirana, bwana."

"Ndamva."

"Tiona."

Anabwerera awiri, iye ndi Petronela. Henry anali atathamangira minibasi ya ku Limbe. Dzuwa linali litapendeka. Pakhomo mikeka ija inali pomwe anaisiya. Petronela anayamba kuipinda. Anapinda umodzi, n'kuima.

"Bambo a Maggie, tichokeko kuno."

"Tipite kuti?"

"Kulikonse. Tibwerere ku Zingwangwa. Kumene anthu amatidziwa."

"Chipinda chimodzi. Chimbudzi cha mabanja onse. Ndipo otidziwawo ndi ati? Unawaona dzulo?"

Petronela ananyamula mkeka wina.

"Amayi tawaika uko," anatero Laurenti. "Tikachoka, adzalimira ndani pamenepo?"

"Tikakhala, adzatiimbira ndani?"

Foni inalira m'thumba. Anaitulutsa movutika, zala zitatupa. Anali bwana. Anapepesa mwaulemu, anafunsa ngati zonse zayenda bwino. Kenako anati malole a kampani ina abwera mawa, ambiri, ndipo ntchito ikhala yothina mpaka Loweruka. Masiku awiri wamupatsa ndi mtima wonse. Ena sangathe. Pageti pali anyamata.

Laurenti anayang'ana kumtunda, kumene kunali nyumba ya a Ramsey. Sankadziwa kuti ndi iti mwa nyumba zonsezo. Petronela ankamuyang'ana, mkeka uli m'manja.

"Laurenti, ukundimva?" anatero bwana pa foni. "Mawa ubwera?"

"Ndibwera, bwana," anatero. "M'mamawa."